Kadontho ka Pamapu Kamene Kanameza Mafumu ndi Alaliki

Akuluakulu anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Mwambi umenewu atsamunda a ku Mangalande sanauphunzire m'kalasi, koma tanthauzo lake ankalidziwa bwino lomwe. Munthu amene ankawasowetsa tulo samamupha nthawi zonse ayi. Kawirikawiri ankangomuchotsa kwawo ndi kukamusiya pachilumba chakutali.

Owerenga anga, mukapeza mapu akale a Nyanja ya India, monga amene ankajambulira oyendetsa sitima zapamadzi, yang'anani kummawa kwa gombe la Kenya. Pamtunda wa makilomita pafupifupi 1,600 mudzaona timadontho tating'ono, tonga mapira otayikira pamphasa. Timeneto ndi zilumba za Seychelles, ndipo chachikulu mwa izo ndi Mahé. Ojambula mapu otere ankasamala kwambiri za madzi: analemba manambala osonyeza kuya kwa nyanja, malo a matanthwe obisika ndi podikira pabwino pa sitima. Za anthu okhala pamtunda sanalembe kanthu, pakuti mapuwo anali a munthu wofika ndi kuchoka mwa kufuna kwake.

Maina a pamapupo akusimba mbiri ya eni mphamvu. Afalansa analanda zilumbazi m'chaka cha 1756 nazitcha dzina la nduna yawo ya zachuma, Moreau de Séchelles. Angerezi anazitenga mwa pangano la ku Paris la 1814, ndipo likulu lake analitcha Victoria, dzina la mfumukazi yomweyo imene timaitchula tikamayenda mu Victoria Avenue pakati pa mzinda wa Blantyre. Dzina limodzi pamalo awiri otalikirana chotere likutikumbutsa kuti Nyasaland ndi Seychelles zinali m'dzanja limodzi.

Kumeneko ndiko kunatayidwa mafumu amene anakana kugonja. Prempeh, mfumu ya Aashanti a ku Ghana wa lero, anafikako mu 1900 ndipo anabwerera kwawo mu 1924. Mwanga wa ku Buganda anamwalirira komweko mu 1903. Kabalega wa ku Bunyoro analoledwa kubwerera mu 1923, koma anatsikira kulichete panjira, ku Jinja, asanaponde dothi la kwawo.

Nafenso a dziko lino tili ndi wathu pamndandandawu. Elliot Kenan Kamwana, Mtonga wa kunyanja, anaphunzira ku Bandawe ndi ku Livingstonia. Ku Cape Town anakumana ndi Joseph Booth, yemwe uja anabatiza John Chilembwe, nalandira chiphunzitso cha Watch Tower. Atabwerera kwawo mu 1908 anabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'miyezi yowerengeka, akulalikira kuti m'chaka cha 1914 maufumu a dziko lapansi adzatha, ndipo msonkho wa nyumba udzatha nawo. Analibe mfuti kapena nthungo, koma boma linamugwira mu 1909 ndi kumutulutsa m'dziko. Anakhala zaka zingapo ku Chinde, kumathero a mtsinje wa Zambezi, ndipo atabwerera mu 1914 anamutsekereza ku Mulanje. Chilembwe ataukira boma mu January 1915, atsamunda anagwidwa mantha ndi mlaliki aliyense wodziimira payekha. Kamwana anamutumiza ku Mauritius, kenaka ku Seychelles, ndipo sanaonenso nyanja ya kwawo kufikira 1937.

Nanga n'chifukwa chiyani ankasankha chilumba, ndende zili mbwee ku Zomba ndi ku Blantyre? Wandende wa ku Zomba abale ake amadziwa kumene ali, uthenga umadutsa mpanda, ndipo akamwalira manda ake amasanduka malo okumbukira. Koma pachilumba nyanja ndiyo mpanda, wosafuna njerwa kapena mlonda. Munthu amatha kuyenda momasuka, kulima ndi kupemphera, komabe mawu ake safika kwa anthu ake. Makolo athu anati kalikokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu. Mfumu yopanda mudzi ndi mlaliki wopanda mpingo amatsala ndi dzina lokha. Chilango chenicheni chinali kuiwalika.

Koma nzeru imeneyi sinaphule kanthu monga ankayembekezera. Aashanti anadikira mfumu yawo zaka zoposa 20 naipempha kosalekeza. Mipingo imene Kamwana anasiya inapitirira popanda iye, ndipo chiphunzitsocho chinayenda ndi anthu opita kumigodi ya ku Rhodesia. Iye atabwerera anayambitsa mpingo wake wa Mlonda, nautsogolera mpaka imfa yake mu 1956.

Lero nkhope ya Chilembwe timaigwira m'manja pogula ndiwo mumsika wa Limbe, ndipo pa 15 January timamukumbukira. Dzina la Kamwana ndi ana asukulu ochepa amene angalitchule. Apa ndipo pali ngozi: chimene nyanja inalephera kuchita m'zaka zonse zija, ife tingachichite mwa kungokhala chete. Aphunzitsi, pophunzitsa za mapu, muziloza kadontho ka Mahé ndi kutchula amene anasungidwako. Wojambula mapu analemba kuya kwa madzi. Kulemba maina a anthu kunatsalira ife.