Dzina la Komboni Yanu Lili ndi Mbiri

Mwezi uno tiyamba ndi funso. Mukaima pa siteshoni m'tauni, mumamva makondakitala akuitana okwera opita ku George, ku John Laing, ku John Howard ndi ku Marapodi. Kodi munadzifunsapo kuti anthu amenewa anali ndani? Nanga cinacitika n'ciani kuti malo okhala Anyanja, Asoli, Alenje ndi Abemba azichedwa ndi maina a alendo? Yankho lake ndi nkhani ya nthaka, ndipo ikukhudza poloti imene makolo anu anamangapo nyumba.

Tiyambe kum'mawa, kwao kwa ambiri a ife. Ca m'ma 1891 Mjeremani wina wamalonda, dzina lake Carl Wiese, anali kukhala pakati pa Angoni a Mpezeni monga bwenzi. Iye anapeza mapepala onena kuti mfumu yamulola kukumba miyala ya mtengo wapatali m'dziko lake. Mapepalawo anagulitsidwa kwa eni cuma a kutali, ndipo mu 1895 kunabadwa kampani ya North Charterland Exploration Company, imene inapatsidwa dera la masikweya mailosi 10,000. Azungu anali atamva mphekesera yakuti kwa Mpezeni kuli golide wambiri.

Akulu amati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma alendo awa sanakamuke. Nsingu, mwana wa Mpezeni, anaona kumene zinthu zinali kupita ndipo anasonkhanitsa ankhondo. Mu January 1898 asilikali anabwera kucokera ku Nyasaland ndi mfuti za Maxim ndi mizinga. Mikondo ndi zishango sizinathe kulimbana nazo. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo mu February Nsingu anaomberedwa. Pambuyo pake panamangidwa boma la Fort Jameson, limene lero ndi Chipata. Golide uja anapezeka wocepa kwambiri, koma nthaka sinabwezedwe. Azungu anatsegula mapulazi a fodya, ndipo eni dziko anakankhidwira ku malo opatulidwa ochedwa marizevu. Kumeneko anthu anapanikizana, nthaka inaguga, ndipo msonkho unafunika caka ndi caka. Mnyamata akafuna ndalama ya msonkho anayenera kucoka pamudzi, kupita ku Salisbury, ku migodi, kapena kuno ku njanji. Boma linagula dera la kampaniyo mu 1941, koma nthawiyo mabanja ambiri anali atabalalika kale.

Kuno ku Lusaka kunalibe nkhondo yotero, koma mathero ake anali ofanana. Njanji inafika mu 1905, ndipo kasiteshoni kanapatsidwa dzina la mfumu ya mudzi wapafupi, Lusaaka. Alimi acizungu, ambiri a iwo Mabunu, anatenga nthaka yabwino m'mbali mwa njanji. Malamulo a 1928 ndi 1929 anagawa dziko pawiri: nthaka ya mfumu ya ku England, imene azungu anali kupatsidwa, ndi marizevu a anthu akuda. Midzi yambiri ya Asoli inasamutsidwira kum'mawa. Mu 1935 likulu linacoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka. Mzinda watsopano unafuna manja a anthu akuda, koma sunafune kuti iwo akhazikike. Munthu anali kuyenda ndi citupa, ndipo nchito ikatha, nyumba nayo yatha.

Tsono anchito anagona kuti? Eni mapulazi, eni ng'anjo za njerwa ndi za laimu, ndiponso makampani omanga analola anchito ao kumanga tinyumba pa malo ao. Pambuyo pake ena anayamba kulipiritsa lendi aliyense wofuna kumangapo. Marapodi ndi dzina la Mtaliyana Marrapodi, amene anali kutentha laimu. John Laing ndi John Howard anali makampani omanga. Chawama kale inali kuchedwa Roberts. Motero ana a eni nthaka anakhala alendo pa nthaka ya alendo, ndipo boma linali kuwacha anthu okhala popanda cilolezo.

Mwina muganiza kuti izi zinacitika cifukwa makolo athu sanaphunzire sukulu. Tiyeni tiwoloke nyanja, tione mitundu iwiri ya ku America, a Creek ndi a Cherokee, amene anakumana ndi atsamunda zaka zambiri ife tisanakumane nao.

A Creek anayesa nkhondo monga Nsingu. Mu 1814 ankhondo ao anagonjetsedwa pa Horseshoe Bend ndi asilikali a Andrew Jackson. Pa pangano la Fort Jackson analandidwa maekala 23 miliyoni, kuphatikizapo nthaka ya a Creek amene anathandiza Jackson pa nkhondoyo. Mu 1825 mtsogoleri wao wina, William McIntosh, anasaina pepala logulitsa nthaka yotsala ku Georgia popanda cilolezo ca bwalo la mtundu wonse. Anthu ake anamupha caka comweco, pakuti lamulo lao linaletsa zimenezo.

A Cherokee anasankha njira ina. Analandira amishoni ndi masukulu. Mu 1821 mmodzi wa iwo, Sequoyah, anatsiriza kupanga zilembo zolembera cinenero cao. Mu 1827 analemba malamulo oyendetsera dziko lao, ndipo mu 1828 anayamba kusindikiza nyuzipepala. Koma ca m'ma 1829 kunamveka za golide m'dziko lao, monga zinadzamvekera kwa Mpezeni. Mu 1830 Jackson, amene tsopano anali pulezidenti, anasaina lamulo losamutsa mitundu imeneyi. Mmishoni Samuel Worcester anakana kucoka pakati pa a Cherokee ndipo anaponyedwa m'ndende. Mlandu wake unafika ku khoti yaikulu ya dzikolo, ndipo mu 1832 oweruza anati boma la Georgia lilibe mphamvu pa dziko la a Cherokee. Cigamuloco sicinatsatidwe.

Cimene cinawatsiriza ndi pepala. Mu December 1835, caka cimene Zwangendaba anawoloka Zambezi ndi Angoni ake, kagulu kocepa ka a Cherokee kanasaina pangano la New Echota lopereka dziko lonse. Mfumu yao yaikulu, John Ross, sanasaine, ndipo anatumiza ku Washington kalata yokana yokhala ndi maina oposa 15,000. Sizinathandize. Mu 1838 asilikali anatulutsa anthu m'nyumba zao ndi kuwayendetsa ulendo wa miyezi kupita kumene lero kuli Oklahoma. Akuti anthu pafupifupi 4,000 anafa ndi matenda, njala ndi kuzizira. Ulendowo mpaka lero umachedwa Njira ya Misozi.

Mwaona tsono kuti mfuti sinagwire nchito yokha. Kwa Mpezeni, kwa a Creek ndi kwa a Cherokee, panali pepala losainidwa ndi munthu mmodzi kapena anthu ocepa m'dzina la anthu onse. Sitikulemba izi kuti mudane ndi mtundu wina. Angoni naonso analanda nthaka ya Acewa ndi Ansenga ndi mkondo. Worcester anali mzungu, koma analowa ndende cifukwa ca anansi ake. McIntosh anali wa mtundu wa Creek, koma anagulitsa abale ake. Umbombo ulibe khungu. Werengani 1 Mafumu 21: amene analanda munda wa Naboti anali mfumu ya mtundu wake womwe, ndipo cida cake cinali makalata odindidwa ndi mboni zonama.

Ufulu wa 1964 unacotsa citupa. Lamulo la 1974 linabvomereza makomboni, ndipo anthu a ku George, ku Chawama ndi kwina anayamba kulandira pepala la khansolo lowalola kukhala pa malo ao zaka 30. Lamulo la nthaka la 1995 linalola kuti nthaka ya kumudzi isandutsidwe ya munthu mmodzi kwa zaka 99 ngati mfumu ndi khansolo zabvomereza. Motero pepala likali ndi mphamvu. Tonse tamvapo za poloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu awiri, za mai wamasiye wothamangitsidwa m'nyumba ndi acibale a mwamuna wake, ndi za anyamata olembedwa ganyu kuti akapime mapoloti pa malo a eni ake.

Inu amene mudziwa kuwerenga muli ndi nchito. Funsani makolo anu ngati nyumba yanu ili ndi mapepala, ndipo muone dzina lolembedwapo. Ambuya anu akapatsidwa pepala kuti adindepo cala, awerengereni lonse, mzere ndi mzere, ndipo ngati simunamvetse pitani nalo kwa abusa kapena kwa akulu a mpingo. Safunsa anadya phula. Munthu akakupatsani ndalama kuti mukazule zikhomo za malire a mnzanu, kanani, ngakhale m'thumba mulibe kanthu. Wocita zotero alowa m'gulu la mboni za Yezebeli.

Zokambirana pa gulu lanu: Kodi dzina la komboni yanu linacokera kuti? Funsani nkhalamba ya mu mpingo, mulembe zimene idzakuuzani. Kodi makolo anu anacoka kuti, ndipo cinawacotsa n'ciani? Nanga gulu lanu lingathandize bwanji amasiye a mu mpingo kusunga nyumba zao?