Wotchi ya ku Joni pa Gombe la Chintheche

Nthawi ya pa wotchi inafika m'dera la Chintheche ndi amishoni a Livingstonia, amene anachoka ku Cape Maclear n'kukhazikika ku Bandawe mu 1881 motsogozedwa ndi Robert Laws. Sukulu ndi mapemphero zinkafuna ola lodziwika, koma wotchi ya pamkono inafala chifukwa cha Atonga opita kukagwira ntchito ku Joni ndi ku Rhodesia. Munthu akabwerako atatchena suti, wotchiyo inkanena za ulendo wake anthu asanamufunse n'komwe.

N'chifukwa chake ndikuona kuti kuwerengeka kwa wotchi sikunali nkhani yaikulu kuno. Wina anganene kuti msodzi wa usipa ndiye ankafunika mivi yooneka bwino usiku. Koma iye ankayang'ana mwezi, poti usipa umasonkhana pa nyali kukakhala mdima, ndipo mwera ukalusa bwato silichoka pagombe, kaya ndi ola lanji.