Muyeso wa Dokotala Wofufuza: Nkhani ya Denis Burkitt

Mlimi ntchito yake iyesedwa ndi nkhokwe, mphunzitsi ndi ana amene akhoza mayeso. Nanga dokotala wofufuza za matenda muyeso wake nchiyani? Mu 1955 Eugene Garfield wa ku America adapereka yankho lake. Wofufuza aliyense, polemba zimene wapeza, amatchula anzake amene adamtsogolera. Tsono Garfield adati munthu angoŵerenga kuti cholembedwa chakutichakuti chatchulidwa kangati, ndipo adzadziŵa kulemera kwake. Mu 1964 mabuku ake a chiŵerengero chotere, otchedwa Science Citation Index, adayamba kutuluka, ndipo masukulu aukachenjede adazoloŵera kuyang'ana pa nambala zimenezi pokweza munthu pa ntchito.

Muyeso umenewu uli nkwake, koma mbiri ya Denis Burkitt ionetsa pamene umaphonya.

Burkitt adabadwira ku Enniskillen, pa chisumbu cha Ireland, mu 1911. Adali dokotala wa opaleshoni wa diso limodzi, pakuti linalo lidaonongeka ali mwana. Mu 1957, pa chipatala cha Mulago ku Kampala, mnzake Hugh Trowell adamuitana kuti adzaone kamnyamata kotupa nsagwada. Pasanapite nthaŵi yaitali adaonanso mwana wina wotupa chimodzimodzi. Adafukula zolembedwa zakale za chipatala, ndipo mu 1958 adalongosola za ana 38 m'magazini ya British Journal of Surgery. Lero cholembedwacho nchotchuka, koma chitangotuluka anthu ochisamala adali oŵerengeka. Magaziniyo idali ya madokotala a opaleshoni, pamene ofunika kumva nkhaniyo adali akatswiri a khansa. Munthu woŵerenga nambala mu 1960 akadati dokotala wa ku Kampala uja sadachite kanthu.

Nkhaniyo idayamba kumveka Burkitt atagwirizana ndi ena. Mu 1961 adalemba pamodzi ndi Gregory O'Conor, katswiri wopima minofu ya odwala, m'magazini ya Cancer, ndipo zidadziŵika kuti nthendayo ndi khansa ya mtundu wa lymphoma. Adali atatumizanso timapepala ta zithunzi ndi mafunso ku zipatala mazanamazana za mu Africa, kufunsa ngati adaonako ana otere. Chakumapeto kwa chaka chomwecho iye ndi madokotala aŵiri a mishoni, Ted Williams ndi Cliff Nelson, adakwera galimoto yakale ya Ford nayenda mamailosi 10,000 m'milungu khumi. Adadzera ku Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland ndi Mozambique mpaka ku South Africa, nacheza m'zipatala zoposa 50. Adapeza kuti nthendayo idachuluka m'madera otentha ndi a mvula, m'zigwa ndi m'mbali mwa nyanja, koma kumapiri kozizira idali yosoŵa. Pambuyo pake zidaoneka kuti malire ake adafanana ndi malire a malungo osatha.

Chimene chidabala zipatso zazikulu koposa sichidalembedwe nkomwe. Mu March 1961 Burkitt adakamba nkhani pa chipatala cha Middlesex ku London, ndipo pakati pa omvera padakhala Anthony Epstein, wofufuza za tizirombo ta mavairasi. Atamva za khansa yotsata kutentha ndi mvula, Epstein adaganiza kuti payenera kukhala kachirombo. Adapangana kuti zidutswa za zotupazo zizitumizidwa pa ndege kuchokera ku Kampala. Kwa zaka zoposa ziŵiri sadapeze kanthu. Mu December 1963 ndege ina idachedwa chifukwa cha nkhungu, nikatera ku Manchester. Madzi osungiramo chidutswacho adafika ali mbuu, ngati zaola. Poyang'anitsitsa, Epstein adaona kuti adali maselo amoyo amene adasasuka ndi kugwedezeka kwa paulendo. Maselo ameneŵa adatheka kuŵetedwa, ndipo mu March 1964 magazini ya The Lancet idalengeza za kachirombo koyamba kodziŵika kuti kamakhudzana ndi khansa ya munthu. Nchaka chomwe chija mabuku a Garfield adayamba kutuluka, koma munalibe danga lolembamo nkhani yokambidwa pakamwa, kapena phukusi lotumizidwa pa ndege.

Asauneneredwe zoipa zokha muyesowu, pakuti pena umachita chilungamo choposa cha anthu. Olemba a mu The Lancet adali atatu: Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong wa ku Trinidad, katswiri wa makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Kachiromboko kadatchedwa Epstein-Barr, dzina la Achong lidatsala. Koma nthaŵi iliyonse cholembedwacho chikatchulidwa, chiŵerengero chimampatsa Achong gawo lake mofanana ndi anzake.

Amene chiŵerengero sichiwafikira konse ndi madokotala ndi anamwino a m'zipatala za kumidzi, a ku Nyasaland omwe, amene adayankha mafunso aja ndi kutsegulira alendo atatuwo mabuku a odwala. Mapu a nthendayo adajambulidwa ndi mayankho awo. Burkitt adamwalira mu 1993, ndipo mabuku a madokotala padziko lonse amaitcha nthendayo Burkitt's lymphoma.