Magomero: Mbiri ya Mudzi wa pa Namadzi

Malo ake

Magomero ali m'boma la Chiradzulu, kufupi ndi Namadzi. Pamalo ena mtsinje wa Namadzi umakhota kwambiri, kutsala pang'ono kuzungulira mtunda wonse. Pamtunda umenewo mpamene padali mudzi wakale.

Amang'anja

Cha m'ma 1860 kuno kunkakhala Amang'anja. Mfumu yawo idali Chigunda. Ankalima mapira ndi thonje, ankawomba nsalu, ankasungunula chitsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu. Amayi ankaumba miphika. Anthuwa sadatisiyire mabuku, koma ntchito ya manja awo idatsala m'nthaka.

Amishoni afika

Mu July 1861, David Livingstone ndi Bishopu Charles Mackenzie adakumana ndi gulu la akapolo pamudzi wa Mbame. Amuna adali m'magoli, amayi ndi ana atamangidwa zingwe. Adamasula anthu 84.

Anthuwa adalibe kolowera. Ambiri adatsatira Bishopu mpaka ku Magomero, kumene Chigunda adawapatsa malo. Adamanga linga mbali imene kudalibe madzi. Iyi idali mishoni yoyamba ya UMCA, kholo la mpingo wa Anglican m'Malawi.

Koma zinthu sizidayende. Amishoni adalowerera nkhondo ya Amang'anja ndi Ayao. Anthu adachulukana m'linga, chakudya chidachepa, kamwazi adapha ana ambiri. Bishopu Mackenzie adamwalira ndi malungo pa 31 January 1862, pamene Ruo amathira mu Shire. Mnzake Henry Burrup adabwerera ku Magomero akudwala, ndipo adamwalira ndi kuikidwa konkuno. Mu April chaka chomwecho amishoni adasamukira kwa Chibisa, ku Chikwawa.

Mayina a azungu aja timawadziwa. Ana amene adafera m'lingamo nawonso agona m'nthaka yomweyi, ndipo ayenera kukumbukiridwa.

Thangata

Patapita zaka pafupifupi 30, malowa adasanduka esiteti ya A. L. Bruce, banja la mwana wamkazi wa Livingstone. Idali yaikulu, maekala oposa 160,000. Woyang'anira adali William Jervis Livingstone. Anthu ankamutchula kuti Listonia.

Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique adakhazikika pano. Kuti akhale pamalopo ankagwira thangata m'minda ya thonje, kenaka ya fodya. Mwezi wa lendi, wina wa msonkho. Nthawi zambiri masiku ankawonjezedwa, ndipo ntchito inkagwa nthawi ya dzinja, munthu akufunika kumunda kwake. Wodandaula ankakumana ndi chikoti kapena kuthamangitsidwa.

Usiku wa pa 23 January 1915

Mbusa John Chilembwe adayambitsa mpingo wa PIM ku Mbombwe mu 1900. Anthu a pa esiteti ankapemphera naye, koma matchalitchi amene ankamanga pamalo a Bruce ankawotchedwa.

Usiku wa pa 23 January 1915 anthu a Chilembwe adalowa m'nyumba ya Listonia ndi kumupha. Adaphanso azungu ena awiri a pa esitetiyo. Amayi ndi ana sadawapweteke. Boma la atsamunda lidabwezera mwankhanza: ambiri adaphedwa, tchalitchi cha ku Mbombwe chidagumulidwa. Chilembwe adawomberedwa pa 3 February 1915. Thangata silidathe pomwepo. Lidapitirira zaka zina zambiri.

Zimene zatsala

Manda a Burrup alipobe. Mu 1987, Landeg White adasindikiza buku la mbiri ya mudziwu, atacheza ndi agogo a kuno. Lero ku Magomero kuli koleji yophunzitsa alangizi a chitukuko cha m'midzi, omwewo amene amayendera sukulu za kwacha.

Polima kapena poumba njerwa mutha kufukula mapale okhala ndi zojambula m'khosi, mikanda, kapena zotsalira za ng'anjo. Musaziphwanye, musazigulitse. Zisiyeni pomwepo, chifukwa akatswiri amadziwa zaka za chinthu poona pamene chagona ndi kuya kwake. Uzani amfumu, ndipo iwo adziwitse ofesi ya DC kapena a nyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri, mu Blantyre.