Mgonero wa ku Korinto

Tikaloŵa m'tchalitchi tsiku Lamulungu ndi kuona guwa lansembe pamalo pake, timayesa kuti zinthu zakhala chomwechi chiyambire. Koma Akhristu oyamba analibe matchalitchi. Iwo anali kusonkhana m'nyumba ya mnzawo, nadya pamodzi chakudya chamadzulo, ndipo pa chakudya chomwecho anali kunyema mkate ndi kumwera chikho cha Ambuye. Pofuna kudziŵa ngati munthu ndi wa mpingo, anthu ankangoona amene iye akudya nawo.

Tiyeni tione zimene zinachitika ku Korinto, mzinda wamalonda wa m'dziko la Agriki, umene Julius Caesar anaumanganso m'chaka cha 44 Khristu asanabadwe. Paulo Woyera anakhala kumeneko chaka ndi theka, cha m'ma 50 mpaka 52, nasiya mpingo wa anthu osiyanasiyana. Olemera analipo oŵerengeka, monga Gayo amene nyumba yake inali kulandira mpingo wonse; ambiri anali anthu wamba, amisiri, aganyu ndi akapolo.

Tsono Aroma anali ndi mwambo wawo wa kadyedwe. M'chipinda chodyera cha munthu wolemera munali mabedi atatu, pamene anthu 9 okha ankadya chotsamira. Paphwando mwini nyumba ankatha kupatsa abwenzi ake zonona ndi vinyo wabwino, nkupatsa anthu otsika chakudya chachabechabe, popanda wina wodabwa nazo. Kuwonjezera apo, Lamulungu silinali tsiku lopumula. Lamulo lotero analikhazikitsa ndi mfumu Constantine m'chaka cha 321. Nchifukwa chake akatswiri ambiri a mbiri amati olemera ndiwo ankafika msanga nadzaza chipinda chodyera, pamene akapolo ndi aganyu, poŵeruka mochedwa, ankatsalira pabwalo la m'kati mwa nyumba, mbale zitapukutidwa kale.

Mbiriyi inamfika Paulo ali ku Efeso, cha m'ma 54, ndipo m'kalata yake yoyamba kwa Akorinto sanabise mawu. Anawauza kuti chimene akudyacho si mgonero wa Ambuye konse, pakuti wina akuledzera mnzake ali ndi njala, ndipo osauka akuchititsidwa manyazi pamaso pa mpingo. Anawakumbutsa kuti onse ogaŵana mkate umodzi asanduka thupi limodzi, nawalangiza kuti azidikirana. Tisaiŵale kuti nkhani ya Mgonero Wotsiriza inalembedwa koyamba m'kalata imeneyi, mabuku a Uthenga Wabwino asanalembedwe. Mawu opatulika amene timamva pa Misa anatifika poyamba m'kati mwa chidzudzulo chotchinjiriza anjala.

Vutoli silinali la Akorinto okha. Ku Antiokeya, Petro Woyera amene anali kudya ndi Akhristu osakhala Ayuda, koma atafika alendo ochokera ku Yerusalemu anayamba kudzipatula, ndipo Paulo anamtsutsa pamaso pa onse. Iye anaona kuti kugaŵa mbale nkugaŵa Eklezia.

M'kupita kwa zaka, mpingo utakula, Ukaristia unalekanitsidwa ndi chakudya wamba, koma phunziro lija silinatayike. Cha m'ma 150, Justin Woyera, pofotokoza mapemphero a Lamulungu ali ku Roma, analemba kuti adikoni ankanyamula mkate wopatulika kukapatsa amene sanathe kufika, ndi kuti chopereka cha tsikulo chinali kuthandiza ana amasiye, amayi amasiye, odwala, andende ndi alendo. Wosoŵa pamsonkhano anali kuŵerengedwabe ngati mmodzi wa pabanja.

Ife lero timalandira Ukaristia pamzere umodzi, mphunzitsi ndi waganyu wake phewa ndi phewa. Koma funso la Paulo limatidikira pakhomo la tchalitchi. Paphwando la ubatizo kapena la ukwati, ndani amene timamloŵetsa m'nyumba kukadya nyama, ndipo ndani amene amatsala pansi pa mtengo kudikira makombo? M'miphakati yathu, kodi timadziŵa nkhalamba imene yagona ndi njala sabata lino? Makolo athu anati chibale ndi fupa, sichiola. Akhristu oyamba anaphunzira, ndipo anaphunzira movutikira, kuti chibale cha mwa Khristu chimayesedwa pa nthaŵi ya chakudya. Tidikirane, abale.