Nyumba zakale za pa Nkhoma Mishoni: mbiri ndi kamangidwe kake

Mukachoka mu Lilongwe pa msewu wa M1, kudutsa Nathenje n'kukhota pa Kamphata, mumakafika pa Nkhoma, m'tsinde mwa phiri. Ambirife timapadziwa chifukwa cha chipatala basi, koma pamalopa palinso nyumba zakale za njerwa zofiira, zina zoti zadutsa zaka 100 zili chiimire.

Zinayamba bwanji?

Amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa anayambira pa Mvera mu 1889, motsogozedwa ndi A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok. Mu 1896 anatsegula Nkhoma, m'dera la mfumu Mazengera, nthawi yomwe Achewa ankabisala m'phirimo pothawa nkhondo za Angoni. Kenako likulu linasamuka pa Mvera kubwera pa Nkhoma, ndipo chipatala chinayamba mu 1915. Mu 1962 amishoniwo anapereka ntchito ndi katundu m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma ya CCAP.

Kamangidwe kake

Makoma ake ndi ochindikala, ndiye masana kutentha sikulowa msanga, usiku nyumba imasunga kafundidwe. Khonde lalikulu si lokhalapo pocheza chabe: limatchinga dzuwa, komanso mvula siwomba khoma. Denga lili patali kuti mpweya wotentha uzikwera m'mwamba. Mwachidule, omanga aja anathana ndi kutentha popanda fani kapena magetsi.

Ena amati, "Zachitsamunda izo, zitikhudza chiyani?" Mapulani anali a azungu, inde. Koma oponda dothi, oumba ndi kuwotcha njerwa, ocheka matabwa ndi osenza miyala anali anthu akuno. M'makomamo muli thukuta la agogo athu.

Chimapha nyumba zotere n'chiyani?

Mdani wamkulu ndi madzi. Lata limodzi likadontha, mitengo ya denga imawola, chiswe n'kumalizitsa. Wachiwiri ndi kukonza kosaganiza bwino. Njerwa zakale ndi zofewa ndipo zimafuna kupuma. Mukazimata simenti yolimba kapena penti wa oyilo, chinyontho chimatsekeredwa mkati, njerwa n'kuyamba kunyenyeka. N'chifukwa chake akatswiri okonza nyumba zakale amakonda laimu.

Chitsanzo chilipo kale. Mandala House ku Blantyre inamangidwa mu 1882, ndipo mpaka lero ikugwira ntchito: muli laibulale ya Society of Malawi komanso malo odyera. Nyumba yokhalamo anthu ndi yomwe imakhalitsa, chifukwa ikadontha wina amaona.

Ife tingatani?

Mukapita ku Nkhoma, kukaona wodwala kapena kukakwera phiri, jambulani nyumbazi, koma pemphani kaye chifukwa zina mumakhala mabanja. Funsani akuluakulu kuti munkakhala ndani, ndipo lembani zomwe akuuzeni poika chithunzicho pa Facebook. Osalemba maina pa makoma, chonde. Khoma likagwa ena akhoza kulimanganso, koma agogo odziwa nkhani yake akapita, apita nayo.