Kodi Umisiri wa Magetsi Umabweza Ndarama Zace?

Madzulo ano ndifuna kulankhula ndi inu atate ndi amai amene mwana wanu, wamwamuna kapena wamkazi, wakupemphani kuti akaphunzire za magetsi. Kapena mwayamba kale kuwerenga pa zala: fizi, ovololo, nsapato zolimba, bokosi la zipangizo, ndiponso zaka zimene mwanayo sadzabwera ndi kanthu pakhomo. Mulikudzifunsa ngati ndarama zimenezi zidzabwerera. Makolo athu anafunsanso comweco, ndipo yankho lace lakhala likusintha.

M'caka ca 1894 Dr. Robert Laws anayamba sukulu yaikuru pa phiri la Khondowe, imene tiicha Livingstonia. Kumeneko anyamata anali kulembedwa zaka zisanu kuti aphunzire ukalipentala, kumanga, kusindikiza mabuku, ena kutumiza mau pa lamya. M'caka ca 1905 madzi a Manchewe anayamba kutembenuza makina, ndipo nyale za magetsi zinayaka pa misyonipo, pamene midzi yozungulira inali kuunikira ndi miuni ya udzu. Mnyamata wozolowera makina otere anali ndi nzeru yosowa ndithu. Koma akatsiriza, nzeruyo akaigulitsa kwa yani? Kwathu kuno magetsi anali pa malo owerengeka okha. Cotero ambiri ophunzira umisiri anatenga ulendo wa ku Salisbury, ku migodi ya kopa ndi ku Joni.

Kumeneko anapeza mpanda wina. Ku South Africa lamulo la 1922 linaika zoyenereza zimene zinatsekera Aafrika kunja kwa maphunziro a umisiri, ndipo khomo limeneli linatseguka kwa onse ndi lamulo la 1981. Ku migodi ya kopa nakonso nchito za umisiri anasungira Azungu kwa zaka zambiri. Munthu wakuda anali kukumba maenje a mizati, kusenza makwerero, kukoka nthambo, ngakhale kulumikiza mawaya mwini wace atapita kukamwa tiyi. Koma setifiketi ndi malipiro ace zinali za wina. Tinene zoona: kwa agogo athu amenewo, zimene analowetsa zinaposa zimene anatuta, ndipo cifukwa cace sicinali kucepa kwa nzeru.

Zinthu zinatembenuka pamene dziko linayamba kupanga magetsi ace ambiri. Sukulu ya Polytechnic inatsegulidwa ku Blantyre m'caka ca 1965 ndi cithandizo ca Amereka. M'caka ca 1966 makina a pa Nkula, pa mtsinje wa Shire, anayamba kupereka mphamvu ya mamegawati 24. Anatsatira a pa Tedzani mu 1973, Nkula waciwiri mu 1980, ndi Kapichira mu 2000. Kuli konse kumene nthambo zinafika, ku mafakitale a tiyi, ku nzimbe za ku Nchalo, ku zipatala ndi ku zigayo, kunafunika munthu wodziwa cifukwa cace injini yaima. Boma nalo linawerenga pa zala monga inu. Mmisiri wocokera kunja afuna ulendo, nyumba ndi malipiro akuru, ndipo akatha zaka zace apita ndi nzeru yace. Mwana wa kuno akaphunzira, nzeruyo ikhala kuno.

M'caka ca 1999 linakhazikitsidwa bungwe la TEVETA, ndipo olemba anthu nchito amapereka ndarama imodzi pa zana liri lonse la malipiro a anchito ao kuti zithandize maphunziro a umisiri. Motero katunduyo simusenza nokha. Koma malo m'masukulu monga Soche, Lilongwe, Nasawa ndi Namitete ngocepa poyerekeza ndi ofuna, ndipo amene sasankhidwa alipira zambiri.

Tsono tiyese pa sikelo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba khumi, imodzi yokha kapena kuposerapo pang'ono ndiyo inali kuunikira ndi magetsi a pa nthambo. Ici citanthauza kuti nchito yolembedwa iri makamaka m'matauni, ndipo mwana wanu angatsirize nakhala miyezi yambiri osaitanidwa, musadabwe zikatero. Koma citanthauzanso kuti nyumba zambiri zikali kudikira, ndipo magetsi a dzuwa afika kale kumidzi kumene mizati sinafike. Amenewonso afuna wowaika ndi wowakonza.

Ena adzakuuzani kuti mwana angophunzira kwa amalume ace, pakuti ndi kochipa. Nzoona, manja adzazolowera msanga. Koma nyumba yatsopano silandira magetsi a ESCOM popanda mmisiri wokhala ndi ciphaso ca bungwe la MERA, ndipo ciphasoco cifuna mapepala a mayeso. Wopanda mapepala adzagwira nchito, wina nasaina nalandira zambiri, monga zinacitikira agogo aja. Ndiponso waya woikidwa mongoyerekeza watentha nyumba zambiri, ndipo nyesi sicenjeza kawiri.

Ine ndiona kuti ndarama zimabwerera kwa iye amene apirira kufikira atakhoza mayeso onse. Wolekera pa njira ndiye ataya zaka ndi fizi pamodzi. Musanagulitse ng'ombe, pitani nokha pa sukulupo, mukaone ngati ana agwira mawaya ndi manja ao kapena angolemba m'kope, ndipo mufunse kumene ali amene anatsiriza caka catha. Tsalani bwino.